Masuti Atatu a Lachisanu

Mu msewu wa Desforges, mu mzinda wa Port Louis, munali matelala asanu ndi mmodzi, koma wosokera aphungu anali mmodzi yekha, Bhai Issop Jhumka. Sikuti ankaposa anzakewo pa singano ayi. Kunena chilungamo, Mtchaina wa pangodya ankakhazika kolala mwaluso kuposa iye, ndipo Issop mwini wake ankadziwa zimenezo. Chimene akuluakulu ankatsata kwa Bhai Issop n'chakuti munthu uja analibe pakamwa. Nduna inkatha kuvula jekete m'kachipinda kake koyezera, n'kutukwana nduna inzake kuyambira kwa agogo mpaka kwa zidzukulu. Ikangotuluka, wotukwanidwa uja n'kulowa kudzayeza buluku, Issop osaphethira n'komwe. Bambo ake, amene anamusiyira shopuyo, ankati telala amaika mapini kukamwa dala, kuti lilime lisowe poyendera.

Choncho a boma ankasoketsa pomwepo, otsutsa pomwepo. Anthu amene m'Nyumba ya Malamulo ankalozana zala n'kumatchulana akuba, kwa Bhai Issop ankasiya majekete awo atapachikidwa pa chingwe chimodzi, phewa ndi phewa. Ulemu wake wonse mu Port Louis unali umenewo, ndipo ankaunyadira kuposa shopu yeniyeniyo, imene denga lake linkadontha mvula ikalimba.

Chaka chimenecho boma la nduna yaikulu, a Hemraj Sooknah, linkayenda motsimphina. Chipani chimene anapangana nacho pa chisankho chinali chitanyanyala mu Epulo n'kukakhala tsidya linalo, mwakuti mbali ya boma kunatsala aphungu 37, otsutsa 33. Mtsogoleri wa otsutsa sanachedwe. Anapempha voti yoti Nyumba inene ngati ikali kuikhulupirira nduna yaikulu, ndipo sipikala anaiika Lachiwiri la sabata yotsatira. Masamu ake ankawadziwa ngakhale wogulitsa machapati a dalpuri wa pa siteshoni ya basi: mpando wa nduna yaikulu miyendo yake ndi aphungu. Atatu okha akawoloka, a Sooknah basi ndi munthu wamba, ndipo a pulezidenti ku nyumba ya boma ya ku Réduit aitana wina kuti apange boma.

Lolemba m'mawa m'shopu munalowa a Jaynarain Rughoo. Phungu ameneyu anali atakhala pa benchi yakumbuyo, mbali ya boma, zaka khumi ndi zinayi osalawako unduna ngakhale wa tsiku limodzi. Analinso munthu woumira. Suti yawo yakhofi Issop anali ataikuza kawiri, kuitembenuza kolala kamodzi, mpaka nsalu inayamba kuwala m'zigongono. Koma tsikuli anatulutsa m'thumba lapepala nsalu yaubweya ya ku Mangalande, yabuluu wodera, n'kuiyala patebulo maso ali kukhomo.

"Mabatani awiri, Bhai Issop. Ithe pofika Lachinayi la sabata yamawa. Lachisanu m'mawa ndiivale."

Issop anangogwedeza mutu n'kutenga tepi. Koma m'shopumo munalinso Matant Ginette, mayi wa ku Roche Bois amene anakhala akusoka mabowo a mabatani pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu. Iyeyu mapini ake ankabaya pa kansalu, pakamwa pankakhala pa ufulu.

"Aa, Misie Rughoo, mwatola chikwama? Ukwati wa ndani umenewu?"

"Wa mwana wa msuweni wanga, ku Triolet."

"Lachisanu m'mawa? Ahindu inu ukwati wanu si paja ndi Lamulungu? Kapena wansembe wanu ntchito yamuchulukira?"

"Matant, inu zanu ndi mabatani," anatero a Rughoo akuseka, koma kathukuta katayamba pamphuno.

Lachiwiri masana kunabwera a Clency Labonté, nawonso a benchi yakumbuyo, mbali ya boma. Nsalu yabuluu wodera, mabatani awiri, ithe Lachinayi. Iwowa anati ndi ya ubatizo wa mdzukulu. Atangotuluka, Ginette anauza singano yake mokweza kuti mdzukulu ameneyo anabatizidwa kale pa Pasaka, ndipo keke yake iye anadya nawo. Lachitatu a Siven Arlandoo analowera khomo lakuseri, kumene kumalowera wamakala a simbi. Sanatchule ukwati kapena ubatizo. Anangopempha kuti nsalu yawo isapachikidwe poonekera.

Tsono kuno kwathu munthu salumbira unduna atavala suti yakale. Si lamulo, simungalipeze m'buku lililonse, koma palibe amene amayerekeza, chifukwa amati unduna wolumbirira m'suti yakale sutha chaka. Issop anali atasokera maboma asanu ndi limodzi masuti olumbirira, ndipo ankawadziwa ngakhale atatsinzina: buluu wodera, mabatani awiri, changu, ndi mwini wake wosakuyang'ana m'maso.

Madzulo a Lachitatu lomwelo, akutseka mazenera, anayamba kuchotsera chamumtima. Pa 37 kuchotsa atatu. Pa 33 kuwonjezera atatu. Anabwerezanso, ngati kuti kachiwiri yankho lisintha.

"Mwamaliza masamu?" anafunsa Ginette akutenga ambulera yake.

"Sindinanene kanthu ine."

"Milomo ikugwedezeka. Inetu ndinamaliza dzulo, wachitatuyu asanabwere n'komwe. Nkhanga zinapangana kusanapse, Bhai. Awa akumuyenda pansi mkulu uja. Lachiwiri awoloka, Lachisanu akalumbira m'boma la enawo. Koma si zathu. Ife tisoke, iwo avale, Mulungu aweruze."

Si zathu. Mawu amenewo Issop anali atawanena yekha kambirimbiri, kwa atolankhani, kwa apolisi ovala zawamba, ngakhale kwa mlamu wake weniweni. Koma a Sooknah sanali ngati kasitomala wina aliyense. Anabwera koyamba m'shopumo ali loya wongoyamba kumene, khosi ngati la nkhuku, kudzasoketsa suti yokaonekera kukhoti. Kuchokera pamenepo, zaka makumi atatu ndi chimodzi, sanavalepo chosoka munthu wina. Ndipo tsiku limene anamwalira Rooksana, mkazi wa Issop, a Sooknah ali kale nduna anasiya msonkhano n'kubwera ku Plaine Verte, kwawo kwa Issop, mvula ikukhuthuka. Mhindu uja analowa pakati pa Asilamu, n'kuika phewa lake pansi pa chithatha, nsapato zikumira m'matope, mpaka kumanda. Zoterozo munthu saiwala. Issop ankawakonda a Sooknah, ngakhale kuti anali asanawauzepo, ndipo anali asanauzenso wina aliyense.

Ndiye kukayikira kunamulowa Bhai Issop, ndipo kukayikira kukalowa m'nyumba sikukhala pampando umodzi. Lachinayi aliyense wolowa m'shopu ankayamba wamuyang'ana m'manja, kuona ngati wanyamula thumba la nsalu. Nduna ya zamaphunziro itabwera kudzatenga buluku lake n'kufunsa kuti, "Ntchito yachuluka, Bhai?" iye anatha ola lathunthu akulitembenuza funsolo. Ikungofunsa mwaulemu? Ikudziwa? Kapena nayonso ili momwemo, suti yake ikusokedwa kwa Mtchaina? Galimoto yotuwa inaima pafupi ndi wogulitsa chakumwa cha alouda kuyambira 10 koloko mpaka masana, ndipo Issop anaisuzumira kasanu asanazindikire kuti mwini wake ndi wodzameta tsitsi. Nsalu zitatu zija anazibisa pansi pa kauntala, kenako anazichotsa n'kuziika m'kabati, kenako anaona kuti kubisako n'kumene kungakope maso, n'kuzibwezera patebulo. Lachisanu ku mzikiti ulaliki wonse unamudutsa, ndipo mpunga wa briyani wa masana anangoutosatosa.

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti manja ake omwe ndiwo ankasoka chiwembucho. Ankadula nsalu ya a Rughoo mosamala ngati mmene ankadulira ina iliyonse, chifukwa sankadziwa kusoka moipa.

Loweruka m'mawa galimoto yakuda inaima pakhomo. Anali Mootoo, dalaivala wa a Sooknah, bambo wa imvi amene anawayendetsa kuyambira asanakhale nduna.

"Bhai Issop, tengani tepi ndi choko. Bwana akuti suti yakuda ija mukaione Lachiwiri lisanafike."

Ginette anakweza mutu, n'kumuyang'ana Issop pamwamba pa magalasi. "Ukayenda siya phazi, Bhai. Ukasiya mlomo udzakutsata."

"Ndikupita kukayeza munthu, Matant, osati kukalalikira."

Ku Floréal, kunyumba kwa a Sooknah, kunali kamvula kowaza ndi kamphepo kake kaja. A Sooknah anali m'chipinda chapamwamba, atavala buluku ndi malaya amkati okha. Anauza wapolisi wowalondera kuti akadikire pa masitepe, n'kutseka chitseko okha. Issop anawazunguliza tepi m'chiuno, n'kuima. Anayezanso. Tepi siinama: chiyezereni mu Febuluwale, m'chiunomo munali mutachoka zala zitatu, ndipo jekete atawaveka linalendewera ngati lobwereka.

"Wapeza zingati?"

"Zomwe zija, bwana."

"Wabodza iwe, Issop. Zaka zonsezi uli pakati pa andale sunaphunzirebe kunama?" Anaseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa. "Madokotala akuti zikatha izi ndikaonane ndi anzawo kunja. Akudziwa ndi mayi a m'nyumba muno, dokotala wanga, ndi tepi yakoyo. Uchepetse m'chiuno, koma m'mapewa uikemo thonje. Afisi aja akandiona nditaphwa Lachiwiri, sadikira n'kuvota komwe."

Issop anagwada kuti apinde mwendo wa buluku, mapini ali kukamwa. Munthu akumupatsa chinsinsi cha thupi lake, iye atakhalira chinsinsi cha anthu ofuna kumugwetsa! Anaganiza za bambo ake. Anaganiza za matope a ku Plaine Verte. Kenako analavulira mapini aja m'dzanja.

"Bwana, pali kanthu. Chibadwire sindinachitepo zimenezi."

"Nena."

"Masuti atatu. Buluu wodera. Onse akufunika Lachisanu m'mawa."

A Sooknah sanatembenuke. Ankamuyang'ana pagalasi, nkhope ili chimodzimodzi.

"A ndani?"

Issop anawatchula, dzina lililonse likutuluka movuta ngati dzino lozulidwa.

"Anakuuza kuti ndi a chiyani?"

"Wina akuti ukwati, wina ubatizo. Wachitatu sananene."

"Rughoo kugula nsalu ya ku Mangalande! Ndiye kuti dziko latha." Anaseka mpaka kugwira pampando. Atatha anayamba kufunsa mwachifatse, ngati loya uja wakale: mabatani angati, aliyense anabwera tsiku liti, analowera khomo liti. Issop anaona kuti munthuyo sanadzidzimuke ngakhale pang'ono, koma anadziuza kuti akuluakulu ndi choncho, mantha awo amabisa m'mimba.

"Bwana, izi zithere m'chipinda muno. Mukudziwa mmene ndimadyera."

"Issop, ine ndi iwe?" Anamusisita paphewa. "Lachiwiri ubwere ku Nyumba ya Malamulo. Ndikusungira mpando m'mwamba mwa alendo, udzaone wekha mmene suti yakoyi ikhalire."

Pobwerera, Issop anamva kupepuka kumene anali asanakumve sabata yonse. Mootoo anaima pa Curepipe n'kugula magato pima otentha, tizitumbuwa ta tsabola, ndipo Issop anadya asanu. Atafika, Ginette anangomuyang'ana kamodzi n'kupitiriza kusoka. Lamulungu lonse ndi Lolemba Issop anakhalira suti yakuda ija, kuisoka pamanja, thonje la m'mapewa akuliyala pang'onopang'ono kuti ngakhale telala mnzake asalizindikire.

Zaka zonsezo Issop anali asanalowepo m'Nyumba ya Malamulo. Lachiwiri anamukhazika m'mwamba, mzere wakutsogolo, pafupi ndi atolankhani. Poyang'ana pansi nkhope sanazione bwino, anaona mapewa. Uko phewa lakumanzere lotsika la nduna ya zachuma, limene iye ankalikweza. Uko msana wokhota wa mtsogoleri wa otsutsa, umene unamutengera zaka zitatu kuti audziwe. Anawerenga majekete osoka iye mpaka makumi anayi ndi anayi, mbali zonse ziwiri, ndipo ananyada. A Rughoo anali kumbuyo kwenikweni, m'suti yawo yakhofi.

Otsutsa analankhula kuyambira m'mawa. Za mtengo wa mpunga ndi ufa, za mafakitale a nsalu amene ankatsekedwa, za alimi ang'onoang'ono a nzimbe. Cha m'ma 4 koloko a Sooknah anaimirira. Suti inakhala, abale! Mapewa ali gwa, ngati munthu amene sanadwalepo ndi mutu womwe. Anayankha za mpunga, anayankha za nzimbe, kenako anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Bambo Sipikala, ndamva kuti boma langa lafa. Ndamvanso kuti ena m'Nyumba muno sanadikire n'maliro omwe. Asoketsa kale masuti okalumbirira Lachisanu."

Phokoso linazilala.

"Atatu. Buluu wodera, mabatani awiri. Wina akuti yake ndi ya ukwati, Lachisanu m'mawa. Wina akuti ya ubatizo. Wachitatu ndi wamanyazi, analowera khomo lakuseri." Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mabenchi a kumbuyo kwawo. "Sinditchula maina. Voti iwatchula yokha."

Nyumba inaphulika. A boma akumenya matebulo, otsutsa akukuwa, sipikala akuitanitsa bata koma osamveka. Issop zonsezo sanazimve. Iye anaona mutu umodzi ukutembenukira m'mwamba, kenako wina, kenako mitu ya mbali zonse ziwiri. Panalibe chofunsa. Mu Port Louis yense telala wodziwa mabatani a aphungu atatu nthawi imodzi anali mmodzi, ndipo anali atakhala poyera, pampando umene nduna yaikulu inamusungira. Mtolankhani wa pambali pake anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kulemba kanthu m'kabuku.

Atatu aja anavotera boma, mokweza mawu kuposa wina aliyense. Zinathera pa 37 kwa 33. Issop anatsika masitepe atagwira khoma, ndipo palibe mmodzi mwa eni majekete aja amene anamupatsa moni pabwalo.

M'mawa mwake nyuzipepala ina inajambula telala wa chipewa choyera, tepi ikutuluka m'kamwa mwake m'malo mwa lilime. Ginette anaikhalira nyuzipepalayo, osadziwa kuti Issop waiona kale m'manja mwa anthu khumi m'basi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoika kapu ya tiyi patebulo lodulira, chinthu chimene Issop ankaletsa, ndipo tsikulo sanaletse.

Cha m'ma 9 koloko analowa a Rughoo. Sanakalipe.

"Bhai Issop, ndipatseni nsalu yanga mmene ililimo. Ndi mapepala anga."

Kasitomala aliyense anali ndi mapepala ake odulira nsalu, okhuthala, akhaki, odulidwa motsata thupi lake, dzina litalembedwa ndi pensulo. Ankakhala pa msomali wakewake m'kachipinda koyezera. Munthu akaitanitsa mapepala ake ndiye kuti ukwati watha.

Issop anawatenga, koma powapereka mtima unamuwira. "Misie Rughoo, inu mumafuna kugwetsa munthu amene anakukwezani. Ndikanangoyang'ana?"

"Kumugwetsa?" A Rughoo anaseka kuseka kopanda mano. "Mukudziwa amene anandiuza kuti ndisoketse? Iye yemweyo. Anandiitana kwake Lamulungu, ine n'kubwera kuno Lolemba. 'Jaynarain, wasunga khosi nthawi yaitali. Ukaima nane Lachiwiri, Lachisanu ukulumbira. Unduna wa zausodzi. Usauze munthu.' Dzulo titatuluka tinafunsana atatufe. Labonté, zausodzi. Arlandoo, zausodzi. Nyanja imodzi, nduna zitatu! Akanathana nafe bwanji Lachisanu likafika? Ndiye inu mwakamupatsa chikwanje chonola kale. Lero ndani angapite kukakumbutsa lonjezo, dziko lonse likumutcha Yudasi? Ndani angawoloke tsopano, aliyense atamuika diso?"

"Mukunama."

"Mwina. Kafunseni mnzanuyo." Anapinda suti yosatha ija, ulusi woyera ukali kulendewera, n'kuiika m'thumba lapepala lomwe anabwera nalo. "Zaka khumi ndi zinayi, Bhai Issop. Ndinakuuzani za ana anga m'kachipinda umo. Ndinakuuzani zimene sindinauze mkazi wanga."

A Rughoo anatuluka. Issop anakhala pampando wa makina.

"Akunama, eti Matant?"

"Mwina akunama. Mwina analonjezedwa uku ndi uku komwe, ankangodikira kuti aone mbali yolemera. Andale amadya mbale ziwiri, Bhai, simukuwadziwa? Zimenezo sitidzazidziwa ine ndi inu." Anadula ulusi ndi mano. "Funso langa ndi lina. Anakuitanirani chiyani m'mwamba muja? Suti simukanaionera m'nyuzipepala?"

Issop anakumbukira nkhope ija pagalasi, yosadzidzimuka, ndi mafunso aja a mabatani ndi makomo. Anayesa kuikumbukira mwanjira ina, kuti mwina panali kudabwa pang'ono m'maso kumene iye sanakuone atagwada pansi. Nthawi zina ankakupeza, nthawi zina ayi.

A Labonté anatuma akazi awo kudzatenga mapepala. A Arlandoo anabwera okha, ulendo uno pakhomo lakutsogolo, dala, kuti msewu wonse uone. Mtsogoleri wa otsutsa anatuma mlembi wake ndi kakalata kaulemu kwambiri. Koma chimene chinandikwiyitsa ine wokusimbirani nkhaniyi, ndipo chimandikwiyitsabe, n'chakuti oyamba kutumiza madalaivala anali nduna zomwe zija zimene mipando yawo inapulumuka chifukwa cha pakamwa pa Issop. Anamenya matebulo Lachiwiri, Lachitatu n'kukumbukira zimene aliyense ananenapo atavula jekete. Pofika Lachinayi madzulo khoma la m'kachipinda koyezera linali misomali yokhayokha.

Msomali umodzi wokha, woyamba, pafupi ndi zenera, unali ukali wolemera. Mapepala a a Sooknah Issop sankataya. Analipo onse, kuyambira a loya wowonda uja, achikasu ndi ukalamba, kudzera m'zaka za mimba ya unduna, mpaka atsopano amene anadula Loweruka madzulo. Ankati akawayang'ana mtima unkakhalako pansi. Zilibe kanthu, ankadziuza. Ndinachitira munthu mmodzi, ndipo munthuyo akudziwa. Ali pa chipwirikiti pano. Zikadekha andiitana, atseka chitseko, andiuza chifukwa chake. Mwina panalibe njira ina. Ngakhale atatsala kasitomala mmodzi yekhayo, iye asoka.

Lachisanu silinalumbiritse munthu ku Réduit. Issop anabwerera kuchokera ku mzikiti, kumene anthu anamupatsa salamu maso ali kumbali, n'kupeza galimoto yakuda itaima pakhomo. Mtima unadumpha ngati wa mwana. Analowa mothamanga, n'kukoleka tepi m'khosi, n'kutola choko.

"Tiyeni, Mootoo, ndakonzeka."

Mootoo anali ataima pakati pa shopu, chipewa chili m'manja. "Ayi, Bhai. Sindinabwere kudzakutengani. Bwana akuti mundipatse mapepala awo."

"Atsopanowa? Pali pofunika kusintha?"

"Onse, Bhai. Akale ndi atsopano."

Ginette anaponya sizasi patebulo. "Ndiye zikomo wake ameneyu? Munthu wawotcha nyumba yake kuti bwana wanuyo awothe moto, lero mukudzatenganso ndi phulusa lomwe? Kamuuzeni kuti Ginette wa ku Roche Bois akuti..."

"Matant," anatero Issop pomudula mawu.

Apa m'pamene anamvetsa, ndipo kumvetsako kunamupweteka kuposa chithunzi cha m'nyuzipepala, kuposa misomali yonse ija. A Sooknah nawonso ankamuopa. Telala amene waulula za atatu angaulule za mmodzi, ndipo mapepala aja, ukawasanjika, ankanena poyera mmene chiuno cha nduna yaikulu chinaphwera chichokereni Febuluwale.

Analowa m'kachipinda, n'kutsitsa mtolo wonse ndi manja awiri. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Anaupukuta fumbi ndi mkono wa malaya, anaumanga ndi kansalu kotsala, n'kuuika patebulo pamaso pa Mootoo. Ankafuna kuti asafunse, koma anafunsa.

"Ananenanso china? Za ine?"

Mootoo anayang'ana pansi, akutembenuza chipewa chija. Anali munthu wabwino, ndipo zinkaoneka kuti mawuwo anayenda nawo movutika kuchokera ku Floréal.

"Anati mukandipatsa, ndifufuzenso ndekha m'makabati ndi pansi pa kauntala. Akuti mwina mungasungeko limodzi."

Issop anapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi a makabati, n'kumusonyeza kuti kakang'onoko ndi ka kabati yapamwamba, imene imavuta kutsekula. Iye anapita kukaima pakhomo, tepi ikali m'khosi, atafulatira shopu yake, akumva zitseko zikutsekulidwa chimodzi ndi chimodzi.